Musanalipire Wi-Fi ya m'ndege, dziwani kumene intanetiyo ikuchokera

Ulendo wa pandege wochoka ku Singapore kupita ku New York umatenga maola pafupifupi 18 osatera paliponse. Wochoka ku Doha kupita ku Auckland umatenga maola 16 kapena kuposerapo. Ngakhale maulendo wamba owoloka nyanja ya Atlantic amadya maola 7 kapena 8. Kwa munthu amene wasiya wodwala kunyumba, kapena amene ntchito ikumudikira, nthawi imeneyi ndi yaitali zedi, ndipo makampani a ndege amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ndege ikangokhazikika m'mwamba, pafoni panu pamabwera tsamba la malonda: mauthenga okha mtengo wake uwu, ola limodzi uwu, ulendo wonse uwu.

Anthu akadziwa kuti ntchito yanga ndi ya netiweki amakonda kundifunsa ngati ndalama imeneyi ili yoyenera kulipira. Ndimawayankha kuti zimatengera chimene akufuna kuchita pa intanetipo, komanso mtundu wa setilaiti imene ndegeyo ikulumikizana nayo. Za setilaitizi ambiri saziganizira n'komwe, chonsecho ndi zimene zimachititsa kuti wina atsike ndege ali wokhutira pomwe mnzake akudandaula kuti ndalama yake yalowa m'madzi.

Wi-Fi imene foni yanu ikuona ndi mbali yophweka ya nkhani yonseyi. M'denga la ndege muli timabokosi tomwaza netiweki, ndipo chifukwa tili pafupi nanu, foni imaonetsa kuti netiweki yadzaza. Kudzaza kumeneko kukungotanthauza kuti foni yanu ikumvana bwino ndi ndegeyo. Ngati ndegeyo sikumvana ndi dziko lapansi, palibe uthenga umene utuluke.

Ndege imalumikizana ndi pansi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya nsanja zomangidwa pamtunda zoloza kumwamba, njira imene kampani ya Gogo inayamba nayo ku United States mu 2008. Imeneyi tingoidutsa, poti pakati pa nyanja palibe nsanja. Paulendo wautali wa pakati pa mayiko, intaneti imadzera pa setilaiti. Mukayang'ana bwino pamsana pa ndege zambiri zikuluzikulu muona kanundu kotukuka. M'kati mwake muli dishi imene iyenera kumaloza setilaiti nthawi zonse, ndege ikuthamanga pafupifupi makilomita 900 pa ola, ikukhota, ikugwedezeka ndi mphepo. Kwa ine amene ndimadziwa kuvuta kwa kulozetsa dishi yongokhala malo amodzi, chimenechi ndi chinthu chogometsa mpaka lero.

Masetilaiti amene akhala akugwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, monga a Intelsat, Viasat, ndi Inmarsat yomwe Viasat inaigula mu 2023, ali pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Anawaika kutali chonchi kuti azizungulira limodzi ndi dziko, n'kumaoneka ngati aima malo amodzi. Ubwino wake ndi wakuti ochepa okha amakwanira kufikira mbali yaikulu ya dziko lapansi. Kuipa kwake ndi mtundawo. Mukadina chinthu pafoni, pempho lanu limakwera kupita ku setilaiti, n'kutsikira ku siteshoni ya pansi, kenako yankho limakweranso ku setilaiti n'kutsikira ku ndege. Maulendo anayi amenewa akwana makilomita oposa 140,000. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndiye kuti pafupifupi theka la sekondi latha kale makompyuta a m'njiramo asanawonjezere kuchedwa kwawo. Theka la sekondi likumveka ngati laling'ono, koma tsamba limodzi la pa intaneti limafunsa ndi kuyankhidwa kambirimbiri lisanatseguke lonse. Apa ndi pamene pamachokera kuchedwa kumene mumakuona.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa wogula: phukusi lodula kwambiri limakupatsani gawo lokulirapo la intaneti imene ilipo, koma silifupikitsa mtunda wopita ku setilaiti. Fayilo yaikulu ingatsike msangako. Msonkhano wa pavidiyo, pomwe anthu amalandizana mawu, umakhalabe wovuta, ndipo ntchito yofuna kuti muziyendetsa kompyuta ya ku ofesi muli kutali imatopetsa kwambiri chifukwa chilichonse chimene mwadina chimayankha mochedwa.

Palinso kugawana. Ndege yaikulu imanyamula anthu 300 kapena kuposa, ndipo onse olumikizidwa amatunga pa mpopi umodzi. Akachuluka, aliyense amalandira madontho. Kugawanaku sikuthera m'ndege mwanu mokha, chifukwa ndege zonse zimene zili m'dera limodzi la setilaiti zimadalira mphamvu imodzimodziyo. Usiku, ndege zambiri zochoka ku North America kupita ku Europe zimayenda nthawi imodzi m'njira zoyandikana, choncho intaneti ikhoza kufooka popanda chimene chawonongeka. Kawirikawiri imachita bwino anthu ambiri akagona, ndipo imavutika kwambiri ndege itangonyamuka kumene ndiponso ikatsala pang'ono kutera, pamene aliyense akufuna kudziwitsa abale ake.

Zinthu zasintha kwambiri chibwerereni masetilaiti oyenda pafupi ndi dziko. A Starlink ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, a OneWeb pafupifupi 1,200. Mtunda ukachepa chonchi, kuchedwa kuja kumatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo intaneti imamveka ngati ya pansi pano. Hawaiian Airlines inayamba kugwiritsa ntchito Starlink mu 2024, Qatar Airways n'kutsatira mu Okutobala chaka chomwecho pa ndege zake za Boeing 777, ndipo onsewa anaipereka kwaulere. Apa pali chinthu chodabwitsa ogula ambiri: masiku ano intaneti yaulere ya m'ndege ina ikhoza kuposa kutali yolipira ya m'ndege inzake. Mtengo sukuuzani ubwino wake. Chimene chikuuzani ndi dzina la kampani yopereka intanetiyo, lomwe nthawi zambiri limalembedwa pa webusaiti ya kampani ya ndege kapena pa tsamba lolipirira lija. Muonenso mtundu wa ndege imene mukwere, chifukwa kuika zipangizo zatsopano pa ndege zonse za kampani imodzi kumatenga miyezi kapena zaka, ndipo ndege ziwiri za kampani yomweyo zikhoza kusiyana kwambiri.

Kulipiritsa anthu intaneti m'mwamba kwakhala kovuta kuyambira pachiyambi. Boeing inayambitsa Connexion by Boeing pa ndege za Lufthansa mu 2004, pamtengo wa madola a ku America pafupifupi 30 paulendo wautali, koma inatseka kumapeto kwa 2006 chifukwa ogula anali ochepa poyerekeza ndi ndalama zimene zinkalowa. Pang'onopang'ono makampani anaona kuti intaneti imawapindulira kwambiri ngati chokopera makasitomala. JetBlue inayamba kuipereka kwaulere mu 2013. Delta inachita chimodzimodzi kwa mamembala a SkyMiles, ndondomeko yake ya umembala wa makasitomala, mu Febuluwale 2023, ndipo Singapore Airlines inatsegulira mamembala a KrisFlyer mu Julaye chaka chomwecho. Kulembetsa umembala woterewu sikulira ndalama. Zimandipweteka kuona munthu akulipira chinthu chimene akanachipeza ulere akanangolembetsa dzina lake asananyamuke. Chitani zimenezi muli pansi, ndipo nambala ya umembalayo ilembedwe pa tikiti yanu.

Mawu akuti "ulendo wonse" musawamve ngati lonjezo la mphindi iliyonse. Masetilaiti akutali aja, poti ali pamwamba pa ikweta, amaoneka otsika kwambiri ndege ikayandikira kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mpaka dishi imalephera kuwaona. Maulendo ena ochoka ku Middle East kapena ku Asia kupita ku North America amadzera komweko, ndipo intaneti ikhoza kuzima kwa maola. Malamulo a mayiko nawo amalowererapo. Dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa mafunde a wailesi m'mlengalenga mwake, choncho kampani yopanda chilolezo imazimitsa zipangizo zake ikamadutsa pamenepo. India, mwachitsanzo, inakhazikitsa malamulo olola intaneti ya m'ndege kumapeto kwa 2018. Musanagule phukusi la ulendo wonse, yang'anani mapu a njira imene ndege idzere, ndipo werengani timawu tating'ono ta pansi pa mitengo.

Pa kasankhidwe ka phukusi, maganizo anga ndi awa: anthu ambiri phukusi la mauthenga okha limawakwanira. Mawu olembedwa pa WhatsApp ndi opepuka kwambiri ndipo kuchedwa kwa theka la sekondi sikuwakhudza. Dziwani chabe kuti phukusi loterolo nthawi zambiri sililola zithunzi ndi mavidiyo, komanso makampani ambiri amaletsa kuimba foni pa intaneti pofuna kuti ena agone mwamtendere. Ngati muli ndi maimelo oti muyankhe, ola limodzi kapena awiri akhoza kukukwanirani mukalemberatu mayankho musanalumikize. Mafilimu, nyimbo ndi mafayilo a ntchito dawunilodani muli kunyumba. Vidiyo wamba imadya pafupifupi 1 GB pa ola, yooneka bwino kwambiri mpaka 3 GB, ndipo palibe chifukwa chokokera katundu wolemera chonchi kudzera kumwamba.

Phukusi limene ndimaliopa ndi lowerengera ma MB, makamaka ngati limapitiriza kukudulani ndalama mukadutsa mlingo. Mu 2014 munthu wina wochoka ku London kupita ku Singapore anapezeka ndi bilu yoposa madola 1,000 mwa njira imeneyi, nkhani imene inafalitsidwa kwambiri. Vuto ndi lakuti foni ndi laputopu zikangoona Wi-Fi zimaganiza kuti zafika poti zingadye mmene zifunira. Zimayamba kutumiza zithunzi zanu kosungira pa intaneti, kutsitsa ma update a mapulogalamu, kulandira mavidiyo a m'magulu, inu musanatsegule kalikonse. Musanalumikize, yatsani Low Data Mode ngati ndi iPhone, kapena uzani Android ndi Windows kuti netiweki imeneyi ndi yowerengera, n'kuimitsa zonse zodzitsitsa zokha. Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani phukusi la nthawi. Koma nalonso funsani ngati nthawiyo imaima mukazimitsa, chifukwa pa ndege zambiri ola limawerengedwabe ngakhale mutagona. Kawirikawiri phukusi limagwira pa chipangizo chimodzi panthawi imodzi, ndipo limathera pa ndege yomweyo. Mukasintha ndege pakati pa ulendo mudzafunika kugulanso.

Pali kamsampha kena pa kalipiridwe. Mabanki ambiri amatumiza nambala yotsimikizira kudzera pa SMS, ndipo foni imene ili pa airplane mode singailandire. Anthu ena apa amachotsa airplane mode, osadziwa kuti ndege zina zili ndi netiweki yawoyawo ya mafoni, monga ya AeroMobile, imene Emirates inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2008. Foni ikalumikizana nayo mumakhala pa roaming yodzera pa setilaiti, yomwe nthawi zambiri simakhala m'bandulo yanu, ndipo bilu imadzakupezani mutafika kale. Ngati kampani ya ndege imalola kugula phukusi musananyamuke, gulanitu. Ngati ayi, siyani data roaming ili yozimitsa ulendo wonse.

Za chitetezo ndinene mosabisa. Wi-Fi ya m'ndege nthawi zambiri ndi yotsegula, yopanda pasiwedi, ndipo aliyense akhoza kupanga netiweki yabodza ya dzina lofanana nayo. Mu 2024 apolisi a ku Australia anatsegulira mlandu bambo wina pomuganizira kuti ankachita zimenezi m'ndege ndi m'mabwalo a ndege pofuna kuba mapasiwedi a anthu. Dzina lenileni la netiweki limalembedwa pa kapepala ka m'thumba la mpando kapena pa sikirini yanu, ndipo mukakayikira funsani ogwira ntchito m'ndegemo. Tsamba limene likukupemphani pasiwedi ya imelo yanu kapena ya Facebook kuti mulowe pa intaneti litsekeni nthawi yomweyo. Amene muli ndi VPN ya kuntchito, pulogalamu yobisa zimene mukutumiza pa intaneti, muiyatse mutamaliza kulipira, chifukwa ikayaka msanga imatsekereza tsamba lolipirira. Ndipo musaiwale kuti mipando ya m'ndege ndi yothithikana. Wokhala pambali panu akuona sikirini yanu bwinobwino.

Intaneti ikakana kugwira mutalipira, musakwiyire ogwira ntchito m'ndege. Iwo alibe ulamuliro pa setilaiti, ndipo chimene angathe n'kuzimitsa zipangizo n'kuziyatsanso basi. Jambulani sikirini yoonetsa vutolo ndi nthawi yake, sungani lisiti imene yabwera pa imelo, lembani nambala ya ulendo ndi tsiku. Mukatera, tumizani zonsezi ku adiresi imene ili pa lisitiyo, yomwe nthawi zina ndi ya kampani ya intaneti osati ya ndege, ndipo pemphani kuti akubwezereni ndalama zanu.