Malamulo a m'chipinda cha MRI ndi mmene amayezera mpweya mu ubongo: mafunso ndi mayankho

M'bale wanu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akauzidwa kuti apite ku Lilongwe kapena ku Blantyre akaunikidwe m'mutu ndi makina a MRI, amene amajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu, amamupatsa malamulo ambiri. Lililonse lili ndi chifukwa chake.

Kodi makinawa amauonadi mpweya wa okosijeni mu ubongo?

Amaona magazi amene aunyamula. Ubongo ndi pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya magawo 20 pa 100 a okosijeni. Mu 1936, asayansi Linus Pauling ndi Charles Coryell anapeza kuti magazi amene atula okosijeni amakopeka pang'ono ndi maginito, pamene amene adakali nayo sakopeka. Mu 1990 Seiji Ogawa anaonetsa kuti kusiyana kumeneku kumaoneka pa MRI. Apa ndi pamene panachokera fMRI, kuyeza ubongo munthu akugwedeza chala kapena kuyang'ana kuwala.

Ndiye mbali ya ubongo ikamagwira ntchito, mpweya umachepa pamenepo?

Ayi, umachuluka, ndipo chovuta chagona pomwepa. Mu 1986 Peter Fox ndi Marcus Raichle anapeza kuti magazi opita pambaliyo amawonjezeka ndi magawo pafupifupi 29 pa 100, koma okosijeni wogwiritsidwa ntchito amangokwera ndi magawo 5. Zili ngati mwana wapempha madzi akumwa, mayi n'kumutulira ndowa yodzadza. Ndowayo siikuuzani kuti wamwa ochuluka bwanji.

N'chifukwa chake mu 1998 akatswiri a ku Massachusetts General Hospital ku Boston anabweretsa njira yofananizira. Munthu amapumira kwa mphindi zochepa mpweya wosakaniza ndi carbon dioxide (mpweya umene timatulutsa popuma) pang'ono, nthawi zambiri magawo 5 pa 100. Mitsempha imatakasuka, magazi amathamanga, koma ubongo sunapatsidwe ntchito yatsopano. Akafananiza zimenezi ndi zimene zimaoneka munthu akuchita kanthu, amawerengera okosijeni amene wadyedwadi. Kwa ine imeneyi ndiye nzeru yaikulu pa nkhani yonseyi.

Bwanji amaletsa chitsulo chilichonse?

Maginito ake amakhalabe ndi mphamvu ngakhale pamene sakujambula. Ndolo, mapini a m'tsitsi, makiyi, foni, khadi la ku banki, zonse zitsale panja. Amayi, musachite manyazi kutchula mkanda kapena chithumwa cha m'chiuno mwa mwana ngati chili ndi kawaya. Bambo amene amawotcherera mageti ku Lizulu kapena pa boma, anene ngati kachitsulo kanamugwerapo m'diso, chifukwa maginito akhoza kukasuntha n'kuwononga disolo. Wa kabatire kothandiza mtima, kapena amene anamuika chitsulo pa opaleshoni, anenenso asanalowe. Ili ndi lamulo losanyengerera.

Nanga za tiyi ndi kusagwedezeka?

Pa fMRI ofufuza ambiri amapempha kuti musamwe khofi kapena tiyi, chifukwa caffeine amene amapezeka m'zakumwazi amachepetsa magazi opita ku ubongo, ndiye manambala amasokonekera. Kusintha kumene akusaka n'kochepa kwambiri, ndipo kumafika pachimake patapita masekondi 4 mpaka 6 kuchokera pamene ubongo wayamba ntchito. Mutu ukasuntha pang'ono chabe, chithunzi chawonongeka.

Zimapweteka?

Ayi, ndipo mulibe cheza cha X-ray. Phokoso ndiye lalikulu, amakupatsani zotseka m'makutu. Ngati ndi kafukufuku, muli ndi ufulu wokana kapena kusiya pakati.

Kuno kwathu MRI yathandizapo chiyani?

Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina ake mu 2008, amphamvu ya 0.35 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). Oterewa amajambula maonekedwe a ubongo. Kuyeza okosijeni kumachitika pa makina a 1.5 kapena 3 tesla. Komabe makina a ku Queen Elizabeth aja anaulula chinthu chachikulu. Mu 2015 Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pa ana 168 odwala malungo a mu ubongo: mwa amene anamwalira, 84 pa 100 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka anali 27 pa 100. Choncho mwana wotentha thupi akayamba kukomoka, kaya muli ku Bembeke kaya ku Tsangano, thamangirani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo.