Madzi otentha a pansi pa nthaka: magetsi madzulo, kuumitsa ndi kuziziritsa masana

Ikamakwana 6 koloko madzulo, ife ogwira ntchito za magetsi mtima umakhala m'mwamba. Ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni mapoto a nsima aterekedwa pa hotipuleti, mababu ayaka, ana atsegula TV. Nthawi yomweyo dzuwa lalowa, ndiye kuti munda wa sola wa mamegawati 60 wa ku Salima wagona, kwangotsala pang'ono posungidwa m'mabatire a ku Golomoti. Pafupifupi katundu yense wopereka magetsi amagwera mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuopsa kodalira mtsinje umodzi tinakuona mu Januwale 2022, pomwe namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Pali gwero lina lomwe silidikira mvula kapena dzuwa. Ndi kutentha kwa pansi pa nthaka, komwe akatswiri amati geothermal. Mukamakumba, pa kilomita iliyonse kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30. M'chigwa chomwe muli nyanja ya Malawi nthaka inang'ambika kalekale, choncho madzi a mvula amatsika m'ming'alu, kukafika pa miyala yotentha, n'kubwerera pamwamba. Amene anafikapo pa Chiweta ku Rumphi kapena pa Mawira ku Nkhotakota anaona nthunzi ili tolotolo m'mamawa, madzi ake oti pena dzanja simungaviike.

Anzathu a ku Kenya anayamba mu 1981 pa Olkaria, pafupi ndi Naivasha, ndi makina a mamegawati 15. Lero pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a magetsi awo amachokera pansi pa nthaka. Kwawoko kuli mapiri ophulika moto, nthunzi yake imatuluka yaukali n'kupukusa makina mwachindunji. Madzi athu satentha kufika pamenepo, koma njira ilipo. Madzi otenthawo, ochokera m'chitsime chokumbidwa mwakuya, amadutsa m'mapaipi ogundana ndi mapaipi ena momwe muli mankhwala amadzimadzi monga pentane, yemwe amawira pa madigiri 36 okha, kutentha kwa masana wamba ku Nsanje mu Okutobala. Nthunzi ya mankhwalawo ndi imene imapukusa makina, ndipo madzi aja amabwezedwa pansi kudzera m'chitsime china kuti akatenthenso.

Vuto lili apa. Makina otere anazolowereka kuyenda mofanana usiku ndi usana, chaka chonse. Koma dziko lomwe likuchulukitsa sola limasowa makina otha kuchepetsa mphamvu masana ndi kuikweza madzulo. Wina anganene kuti bwanji osangotseka chitsimecho pang'ono ngati mpopi. Yang'anani m'ketulo yomwe mwawiritsira madzi a pa mjigo kwa chaka. Zoyera zomata pansizo ndi zimene zimamera m'mapaipi a chitsime madzi akamasinthasintha liwiro ndi kutentha, mpaka paipi kutsekeka. Komanso chitsulo cha m'chitsime chikamatentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku chimatukusira n'kufota, ndipo simenti yochigwira imang'aluka. Pankhani ya ndalama ndiye kulibe chopulumutsa. Jenereta ya dizilo mukaizimitsa mafuta amatsala m'thanki, pomwe apa chuma chonse chinapita kale pokumba, ndipo ngongole siichepa chifukwa makina apuma.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yosiya chitsime chiziyenda pa liwiro limodzi, n'kumasintha komwe kutenthako kukupita pamwamba pa nthaka. Ku Puna, pa zilumba za Hawaii, anakonza makina kuti ogawa magetsi azitha kuwakweza kapena kuwatsitsa pakati pa mamegawati 22 ndi 38. Koma kutentha kosagwiritsidwa ntchito masanawo n'kwa mtengo wapatali, n'kulakwa kukutaya. Ku Menengai, ku Kenya komweko, amawiritsira mkaka ndi kuumitsira mbewu ndi madzi a pansi pa nthaka. Taganizani msodzi wa ku Chilumba amene wakola usipa wambiri mu Febuluwale, mvula ili pakatikati, usipawo ukuwolera pa thandala. Taganizaninso mlimi wa mpunga wa kilombero ku Karonga. Masana valuvu, chipangizo cholozera madzi komwe apite m'mapaipi, itembenukire ku nyumba zoumitsira, dzuwa likamapendeka ibwerere ku makina a magetsi. Madzi otentha otsala angathenso kusungidwa m'mathanki okutidwa bwino, ngati fulasiki yaikulu, n'kudzathandiza madzulo.

Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti kutentha kumaziziritsanso. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira fuliji ya parafini ya pa chipatala chaching'ono, yosungira katemera. Kumbuyo kwake kunkayaka kalawi kakang'ono, koma m'katimo muli zii. Lawilo limawiritsa amoniya wosakaniza ndi madzi, amoniyayo amakazizira n'kusanduka wamadzimadzi, kenako akamasandukanso mpweya amayamwa kutentha kwa m'fulijimo. M'malo mwa lawi ikanipo madzi a pansi pa nthaka, mwapeza chipinda chozizira chosungira chambo, mkaka kapena tomato. Ku Chena, ku Alaska, madzi a madigiri 74 okha anayamba kupukusa makina a magetsi mu 2006, ndipo madzi a m'dera lomwelo amaziziritsa nyumba ya ayezi kuti isasungunuke m'chilimwe. Chitsanzo chimenechi chimandilimbitsa mtima kwambiri kuposa Olkaria, chifukwa kutentha kwake n'kofanana ndi kwa ena mwa akasupe athu.

Tisanamizane, kuno ku Malawi makina otere kulibe, ndipo kasupe wotentha pamwamba si umboni woti pansi pali madzi okwanira. Zimadziwika pokhapokha atakumba chitsime choyesera, ndipo ndalama zambiri zimatha kuthera pa chitsime chouma. Chachiwiri, kutentha sikuyenda ulendo wautali m'mapaipi. Mafakitale a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, omwe amawotcha nkhuni za bulugama poumitsa masamba, sangathandizidwe ndi madzi a pa Chiweta. Ife a ku Blantyre tingalandire magetsi a madzulo okha kudzera m'nthambo, pomwe zoumitsa ndi zoziziritsa zingakhale za eni dera.

Pempho langa kwa okonza mapulani ndi lakuti malo a nyumba zoumitsira ndi zipinda zozizira asungidwiretu pambali pa chitsime choyambacho, mapaipi ake ajambulidwire limodzi ndi a makina. Nalo bungwe la MERA, lomwe limavomereza mitengo ya magetsi, liganizire zolipira mwini makina zochulukirapo pa magetsi a 6 koloko madzulo kusiyana ndi a masana. Mtengo ukakhala umodzi tsiku lonse, iye sadzaona chifukwa chogulira valuvu ndi mathanki aja.