Phokoso la ma damper mu piyano ya grand

Mu piyano ya mtundu wa grand, ija yomwe zingwe zake zimakhala chogona, ma damper ndi timatabwa tokhala ndi feliti ya ubweya wa nkhosa kunsi kwake, tomwe timatsamira pamwamba pa zingwe n'kuzitontholetsa. Mwa makiyi 88, pafupifupi 20 a mawu okwera kwambiri alibe ma damper chifukwa zingwe zake n'zazifupi ndipo zimatonthola zokha. Ma damper a makiyi otsalawo amanyamuka onse pamodzi mukaponda pedulo ya kumanja, ndipo madandaulo ambiri amayambira pamenepa.

Musanaitane mmisiri, pondani peduloyo pang'onopang'ono osakhudza kiyi iliyonse, ndipo mumvetsere bwino, chifukwa mtundu wa phokoso ndi umene umaloza pomwe pali vuto.

Phokoso lovuta kwambiri ndi lija lomveka ngati mpweya ukufwamphuka. Pomwe zingwe ziwiri kapena zitatu zimaimba mawu amodzi, feliti ya ma damper ambiri imadulidwa mosongoka kuti izilowa pakati pa zingwezo, ndipo ikatalika mpaka kutulukira kunsi, kapena ikauma ndi ukalamba, imakhula zingwe potuluka. Mmisiri amadula nsonga yotulukirayo ndi lumo lakuthwa, mwina n'kuifewetsa ndi singano, koma feliti yomwe yauma n'kuchita mizere yozama ndi yofunika kusintha basi. Ine sindilimbikitsa mwini piyano kudula yekha, pakuti akadula mopitirira muyeso pang'ono chabe, damper imaleka kugwira ndipo chingwe chimapitiriza kulira woimba atachotsa kale chala.

Kulira kwa tswii kumachokera kwina. Waya wa damper iliyonse amadutsa m'kabowo kokutidwa ndi kansalu, ndipo chinyezi chikachuluka kansaluko kamafufuma n'kumukanikiza wayayo. Nthawi zinanso ndi zitsulo za pedulo kunsi kwa piyano zomwe zikukhulana. Musathiremo mafuta a makina, chifukwa amakoka fumbi ndipo akafika pa feliti kapena pa zingwe zokulungidwa ndi kopa amaziwononga. Kusunga chinyezi cha m'chipinda pakati pa 40 ndi 50 peresenti kumathandiza kwambiri.

Kugunda kwa gu! nthawi zambiri n'kwa phazi la woimba. Ma damper a grand amagwa ndi kulemera kwawo, choncho mukachotsa phazi mwadzidzidzi amamenya zingwe onse nthawi imodzi. Chidendene chikhale pansi, phazi lisasiyane ndi pedulo, ndipo mulikweze mofatsa mpaka feliti itakhudza zingwe.