Chaka cha ku Shijiazhuang: kumene perete wa ophunzira a ku China adachokera

Pa 13 Sepitembala 2024, komiti yaikulu ya nyumba ya malamulo ku China idavomereza lamulo lokonzedwanso la maphunziro a chitetezo cha dziko, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 21 mwezi womwewo. Tsikulo lidali Loweruka lachitatu la Sepitembala, lomwe kumeneko ndi tsiku lokumbukira maphunziro a chitetezo. Ndi mwezinso umene mabwalo a zamasewero a mayunivesite amadzaza ndi achinyamata ovala yunifolomu yamawangamawanga, atandanda m'mizere dzuwa likuswa mtengo. Amalawi amene apita kukaphunzira ku China kuchokera pamene mayiko awiriwa adamanga ubale kumapeto kwa 2007 amaudziwa mwambowu, ngakhale kuti iwo amangoonerera, poti alendo sawalowetsamo.

Eniake amautcha junxun, kutanthauza maphunziro a usilikali. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba, mnyamata ndi mtsikana yemwe, amayenera kudutsamo. Ndondomeko ya 2019 imati akhale masabata awiri kapena atatu, osachepera masiku 14 kapena maola 112, ndipo pamwamba pake pali maola 36 a m'kalasi ophunzira za chitetezo. Amene sadakhoze amayenera kubwereza, chifukwa popanda zimenezi digiri siituluka. Chaka chilichonse ophunzira atsopano opitirira 10 miliyoni amalowa m'sukulu za ukachenjede m'dzikomo.

Zimene zimachitika pabwalopo n'zodziwika. Kudzuka kusanache. Kuima chilili, zidendene pamodzi, zala zitamatirira msoko wa thalauza, thukuta likulowa m'maso koma osaloledwa kupukuta. Kuguba mwendo uli wowongoka, phazi n'kumenya pansi nthawi imodzi ndi anzako onse. Kenaka kuchipinda, kukapinda chofunda mpaka chikhale ndi ngodya zakuthwa ngati njerwa. Iwo amati "chibenthu cha tofu", chakudya cha soya chimene amachidula m'mabwinkha a ngodya zinayi. Nsapato zake zimakhala zolimba pansi, moti anyamata ambiri amagula mapadi a amayi n'kuwayala m'kati kuti matuza asachuluke, ndipo amashopu oyandikana ndi sukulu amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Madzulo magulu amapikisana kuimba nyimbo za asilikali. Mfuti ena amaigwira tsiku limodzi lokha n'kuombera zipolopolo zowerengeka, ena saikhudza n'komwe.

Mkangano umabuka chaka ndi chaka pa intaneti ya ku China, makamaka kukamveka kuti wina wakomoka ndi kutentha kapena wamenyedwa ndi mlangizi. Mbali ina imati ana a masiku ano, ambiri mwa iwo obadwa okha m'banja, adaleredwa mosasatitsa ndipo masabata awiriwa amawalimbitsa. Mbali inayo imafunsa funso limene ineyo ndimaliona kuti ndi lolemera: ngati cholinga ndi kuteteza dziko, bwanji nthawi yambiri imathera pa kupinda chofunda ndi kuwongola mizere? Yankho lake lili m'mbiri, koma zimatengera kuti mbiriyo mukuyambira pati.

Zolemba za boma zimayambira mu 1955, pamene lamulo loyamba la ntchito ya usilikali lidanena kuti ophunzira a m'makoleji aziphunzitsidwa kuti adzakhale maofesala oyembekezera. Adayesa m'sukulu zochepa, n'kusiya mu 1957. Lamulo latsopano la 1984 lidabwezeretsa nkhaniyi, ndipo mu 1985 adayambanso kuyesa m'makoleji 52. Maganizo ake adali omveka: Deng Xiaoping, mtsogoleri wa China wa nthawiyo, ankachepetsa gulu lankhondo ndi asilikali 1 miliyoni, choncho kukhala ndi anthu ophunzira odziwako za usilikali kudali kothandiza. Zonsezi n'zoona. Chimene zolembazo zimadutsa mothamanga ndi nthawi ziwiri zimene asilikali adalowa m'sukulu pa chifukwa china. Koyamba kudali mu 1967, pamene achinyamata a Red Guards, magulu a ophunzira otsatira mtsogoleri Mao Zedong, adafika pomenyana okhaokha, Mao n'kulamula asilikali kuti akawaphunzitse mwambo m'sukulu. Kachiwiri ndi 1989, ndipo apa m'pamene ndikufuna tiime.

Hu Yaobang, mtsogoleri wakale wa chipani cholamula cha Chikomyunizimu amene ophunzira ankamukonda, adamwalira pa 15 Epulo 1989. Maliro ake adasanduka zionetsero pa bwalo la Tiananmen ku Beijing zomwe zidatha pafupifupi masabata asanu ndi awiri. Pa 20 Meyi boma lidaika Beijing m'manja mwa asilikali, ndipo usiku wa pa 3 kuchera pa 4 Juni asilikali ndi akasinja adalowa mumzinda akuombera. Chiwerengero cha omwalira mpaka lero sichidagwirizanike. Mneneri wa boma, Yuan Mu, adati ndi anthu pafupifupi 300 kuphatikizapo asilikali. Ena amene adafufuza amatchula mazana ambiri, ena masauzande. Gulu la amayi oferedwa lotchedwa Tiananmen Mothers, lomwe lidayambitsidwa ndi Ding Zilin, lasonkhanitsa mayina opitirira 200 mmodzimmodzi, pogwira ntchito movutikira, ndipo iwo eni amanena kuti mndandandawo sudathe. Boma silidatsegule mabuku ake.

Pa 9 Juni, Deng adalankhula kwa akuluakulu a asilikali amene adagwira ntchitoyo. M'mawu ake adanena kuti cholakwika chachikulu cha zaka khumi zapitazo chidali maphunziro, n'kumasulira kuti akutanthauza maphunziro a ndale ndi kaganizidwe. Vuto, m'maso mwake, silidali zimene ophunzira ankadandaula, monga katangale ndi kukwera mitengo kwa zinthu, koma kuti ana sadaumbidwe bwino. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndiwo adali maganizo ake.

Diso lidagwera pa Peking University ya ku Beijing. Sukuluyi ili ndi mbiri yotsogolera zionetsero kuyambira pa 4 Meyi 1919, ndipo Wang Dan, woyamba pa mndandanda wa atsogoleri 21 a ophunzira amene apolisi ankawasaka, adali wophunzira wa mbiri yakale pamenepo. Mu Ogasiti mkulu wa yunivesiteyi, katswiri wa masamu Ding Shisun, adachoka paudindo, m'malo mwake n'kulowa Wu Shuqing wochokera ku Renmin University. Chiwerengero cha ophunzira atsopano chidadulidwa kuchoka pa 2,000 kufika pafupifupi 800. Ndipo awo 800 adauzidwa kuti asanaone kalasi ya yunivesite, akathe chaka chathunthu ku sukulu ya asilikali ya Shijiazhuang, mtunda wa makilomita pafupifupi 280 kumwera chakumadzulo kwa Beijing.

Taganizirani kuti adali ndani anawa. Mayeso olowera ku yunivesite, gaokao, chaka chimenecho adalembedwa pa 7 mpaka 9 Julayi. Nthawi ya zionetsero iwo adali ana a sekondale, ambiri ali kumaboma akutali, mitu ili m'mabuku usiku ndi usana. Adali ena mwa okhoza bwino koposa m'dziko lonse. Mwambi wathu umati nkhuyu zodya ana zidapota akulu, koma kuno zidatembenuka: amene adatuluka m'misewu adali akuluakulu awo, chilango n'kugwera ana amene adali asanaponde n'komwe pachipata cha sukuluyo. Adafika ku Shijiazhuang mu Okutobala 1989, adametedwa, adavekedwa yunifolomu, n'kugawidwa m'magulu pansi pa maofesala. Digiri ya zaka zinayi idasanduka ya zaka zisanu. Mumzinda womwewo mudalinso likulu la gulu lankhondo la nambala 27, limodzi mwa magulu amene adalowa mu Beijing usiku uja.

Moyo wa kumeneko timaudziwa kudzera m'magwero awiri osafanana. Nyuzipepala za boma za nthawiyo zinkasonyeza achinyamata osangalala amene azindikira ubwino wa asilikali. Umboni wotere ngwovuta kuukhulupirira wonse, chifukwa mwana wa zaka 18 wovala yunifolomu, mkulu wake ali pambali, sangauze mtolankhani kuti akunyansidwa. Gwero lina ndi zimene iwo eni adalemba patapita zaka, ndipo izi n'zosakanikirana. Amasimba za perete wosatha, maphunziro a ndale, kulephera kutuluka kunja kwa mpanda, ulendo wautali wapansi m'mapiri a Taihang ndi kukaona Xibaipo, mudzi umene udali likulu la chipani chisadalande dziko lonse mu 1949. Ena amakumbukira chakacho ndi mkwiyo, kuti adaberedwa nthawi imene ubongo udali wakuthwa. Wa masamu kapena fizikisi kutha chaka osakhudza phunziro lake si chinthu chaching'ono. Ena amakumbukira ubwenzi wolimba, thupi lamphamvu, ndi maofesala ena achifundo amene nawonso sankadziwa chochita ndi ana ofunsa mafunso chotere. Tiyeneranso kukumbukira kuti zolemba zimenezi zambiri zidasindikizidwa m'dziko limene kutchula za 4 Juni n'koletsedwa, ndiye munthu amatha kufotokoza mmene chofunda ankachipindira koma osanena chimene chidamupititsa kumeneko.

Mu 1990 lamulo lomweli lidafika pa Fudan University ya ku Shanghai, yomwe ophunzira ake ankatumizidwa ku Nanchang ndi ku Dalian, pamene ena a ku Peking adayamba kupita ku Xinyang. Apa m'pamene ndikuona kuti nkhani ya "asilikali oyembekezera" siikwanira. Dziko lofuna asilikali silisankha mayunivesite awiri okha, otchuka ndi kulankhula, n'kusiya ena onse. Chidathetsa ndondomekoyi ndi makolo ndi ana awo: ambiri okhoza bwino adayamba kuzemba mayunivesite awiriwa n'kusankha ena kumene chaka sichitayika. Magulu anayi okha, a 1989 mpaka 1992, ndiwo adadutsamo ku Peking. Mu 1993 chaka cha usilikali chidathetsedwa, ndipo obwera kuchokera kumisasa adayamba maphunziro limodzi ndi amene adangochoka kumene ku sekondale.

Chaka chathunthu chidatha, koma ganizo lake lidatsala, n'kufalikira mofupikitsidwa. Lamulo la maphunziro a chitetezo lidakhazikitsidwa mu 2001, ndipo boma lidalamula kuti pofika 2005 sukulu zonse za ukachenjede zikhale zikuchita junxun. Izi zidakumana ndi kukula kwadzidzidzi kwa mayunivesite: mu 1998 ankatenga ophunzira atsopano 1 miliyoni ndi pang'ono, lero akuchulukirapo pafupifupi kakhumi. Asilikali enieni sakwanira, choncho sukulu zina zimadalira asilikali opuma, ophunzira amene adagwirako usilikali, ngakhale makampani. Mavuto ambiri amatulukira pamenepa. Mu Ogasiti 2014, pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Longshan ku Hunan, alangizi adamenyana ndi ophunzira ndi mphunzitsi wawo, anthu opitirira 40 n'kuvulala, ndipo ngakhale nyuzipepala za m'dzikomo zidafunsa poyera ngati mwambowu ukadali ndi phindu.

Sindikufuna kupondereza mbali ya boma. Masiku ano gulu lankhondo la China likufunadi anthu a digiri oyendetsa zida zamakono, ndipo malamulo olembera asilikali amene adayamba kugwira ntchito mu Meyi 2023 amaika ophunzira a m'makoleji patsogolo. Masabata awiri aja ndi mpata wokopa ena. N'zoonanso kuti tsiku lomaliza, perete atatha pamaso pa akuluakulu a sukulu, ophunzira ambiri amalira misozi yeniyeni potsanzikana ndi mlangizi amene dzulo lake ankawakalipira. Nthawi zambiri mlangiziyo amakhala mnyamata wa msinkhu wawo womwewo, mwina wochokera kumudzi, amene mwayi wa yunivesite sadaupeze. Misozi imeneyo sindiikayikira. Koma ndikayang'ana chimene chimadya maola ambiri pabwalopo, kuima osagwedezeka, kuyankha ndi mawu amodzi, kutembenuka pokhapokha wauzidwa, ndimaona dzanja la 1989 kuposa la 1955.

Aja adakwera sitima kupita ku Shijiazhuang mu Okutobala 1989 tsopano adapitirira zaka 50. Ambiri ana awo adutsa kale pa bwalo la perete kwa masabata awiri, n'kuwatumizira zithunzi pa WeChat nkhope zitapsa ndi dzuwa. M'maola 36 a m'kalasi aja anawo amaphunzira za malire a dziko, za nkhondo zamakono ndi maganizo a atsogoleri pa chitetezo. Chifukwa chimene bambo kapena mayi awo adathera zaka zisanu pa digiri ya zaka zinayi mulibe m'silabasi.