Pamene Walmart inagogoda pa Joni: mkangano wa 2011 ndi kumene unachokera

Aliyense amene anagulapo firiji, ketulo kapena chitini cha penti ku Game, kaya ku Blantyre kaya ku Lilongwe, kuyambira mu 2011, anagula kwa Walmart, angakhale dzinalo silinalembedwe pakhomo. Game ndi ya kampani ya ku South Africa yotchedwa Massmart, yomwe ilinso ndi Makro ndi Builders Warehouse, ndipo mwini wake wa Massmart ndi Walmart ya ku America, kampani yogulitsa katundu m'masitolo yaikulu kuposa ina iliyonse padziko, yokhala ndi antchito oposa 2 miliyoni. Ukwati wa awiriwa sunamangidwe mwa nthungululu ayi. Anaukokanakokana m'makhoti zaka ziwiri, ndipo nduna zitatu za boma la South Africa zinali kumbali ya okana.

Mantha a anthu a ku Joni anali ndi kochokera. Sam Walton, amene anayambitsa Walmart, anatsegula sitolo ya tinthu totchipa m'tauni yaing'ono ya Bentonville, ku Arkansas, mu 1950, kenako mu 1962 anatsegula Walmart yoyamba ku Rogers, pafupi pomwepo. Makampani akuluakulu a nthawiyo ankathamangira m'mizinda. Iye analowera kumatauni akumudzi, malo onga maboma athu ano, kumene malonda anali m'manja mwa mabanja: uyu wa hadiweya, uyu wa nsalu, uyu wa mankhwala. Nzeru yake inali yopikula katundu wambirimbiri nthawi imodzi, kuikapo phindu lochepa pa chinthu chilichonse, nkumadalira kuchuluka kwa ogula. Ankamanga nyumba yaikulu yosungiramo katundu, nkuzunguliza masitolo pamtunda woti lole ipite tsiku lomwelo.

Wogula anasangalala, ndipo tisanamizane, kwa munthu wa malipiro ochepa mtengo wotsika si nkhani yamasewera. Koma wa hadiweya uja anapezeka kuti mtengo umene iye akuodera katundu ukufanana, mwinanso kuposa, ndi umene Walmart ikugulitsira. Kenneth Stone, katswiri wa zachuma pa Iowa State University, anatsatira matauni a ku Iowa kwa zaka zambiri, napeza kuti timatauni tina ting'onoting'ono toyandikana ndi Walmart tinataya pafupifupi theka la malonda ake m'zaka khumi. Anthu ankangokwera galimoto kukagulira zonse pamalo amodzi.

Opanga katundu nawo analira chamumtima. Kampani ya Vlasic, yopanga nkhaka zoviika mu viniga, inavomera kuti botolo lalikulu la malita pafupifupi anayi lizigulitsidwa $2.97 mu Walmart. Mabotolo anayenda ngati madzi, koma anthu anasiya kugula timabotolo tating'ono m'masitolo ena, tomwe ndi timene tinkabweretsa phindu lenileni. Ukakhala ndi kasitomala mmodzi wotenga gawo lalikulu la zonse zimene umapanga, mtengo amatchula ndi iye. Ukakana, akaoda ku China.

Koma chimene chinaimitsa tsitsi mabungwe a ogwira ntchito ku South Africa ndi nkhani ziwiri izi. Mu 2000, odula nyama pa Walmart ya ku Jacksonville, ku Texas, anavota kuti alowe yuniyoni. Pasanapite nthawi kampani inalengeza kuti yasiya kudulira nyama m'masitolo 180, izingolandira yodulidwa kale ndi kukutidwa, ndipo inati zimenezi inazikonza kalekale. Ku Jonquière, m'chigawo cha Quebec ku Canada, antchito anapambana zolowa yuniyoni mu 2004; chaka chotsatira sitolo inatsekedwa, ati sinkapindula. Panatenga mpaka 2014 kuti khoti lalikulu la Canada ligamule kuti kutsekako kunaphwanya malamulo a ntchito a Quebec. Kwa anthu amene yuniyoni anaimenyera nkhondo nthawi ya tsankho, ena nkufera pomwepo, mlendo wa mbiri yotere sakanamuyalira mphasa msanga.

Mu September 2010 Walmart inanena kuti ikufuna kugula Massmart yonse. Kenako inabwerera pang'ono nkukhazikika pa masheya 51 pa 100 alionse, pamtengo wa R16.5 biliyoni. Bungwe la SACCAWU, loimira ogwira ntchito m'masitolo, linakana. Nduna zitatu zinalowererapo: Ebrahim Patel wa chitukuko cha chuma, Rob Davies wa zamalonda ndi mafakitale, ndi Tina Joemat-Pettersson wa zaulimi. Nkhawa ya ndunazi sinali kwenikweni pa anthu a patilu, koma pa mafakitale ndi minda. Zinkaona kuti Massmart ikangoyamba kuitanitsa katundu kudzera m'njira za Walmart, a Shoprite ndi Pick n Pay atsatira kuti asatsalire, ndipo ntchito zidzatha kumene kumapangidwa katunduyo, kutali ndi sitolo, kumene wogula sakuona.

Chinawapatsa poyambira ndi lamulo lawo la mpikisano pa malonda la 1998. M'maiko ambiri funso limakhala limodzi: kodi makampani awiriwa akaphatikizana mitengo ikwera? Apa yankho linali lodziwikiratu, poti Walmart inalibe sitolo ngakhale imodzi ku South Africa. Koma lamulo la kumeneko limalamulanso kuti aone zimene zichitikire ntchito za anthu ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Mlandu wonse unatsamira pamenepo.

Pa 31 May 2011 bwalo la Competition Tribunal linavomereza, koma ndi mfundo zingapo, zambiri mwa izo zoperekedwa ndi makampaniwo eni ake: osachotsa anthu ntchito kwa zaka ziwiri, kulemekeza mapangano ndi SACCAWU kwa zaka zitatu, ndi kuika R100 miliyoni yothandizira opanga katundu am'dzikomo. Panalinso nkhani ya antchito 503 omwe Massmart inawachotsa mu 2010. A yuniyoni ankati kumeneko kunali kusesa pabwalo mlendo asanafike. Kampani inkati sizikukhudzana. Bwaloli linangoti mpata wa ntchito ukapezeka ayambe aganiziridwa iwowo.

A SACCAWU anachita apilo, nduna nazo zinakadandaula. Mu March 2012 khoti la apilo, motsogozedwa ndi jaji Dennis Davis, linakana kuthetsa ukwatiwo, koma linalamula kuti anthu 503 aja abwezeredwe pantchito, osati kungolonjezedwa. Pa za thumba la ndalama lija linasankhitsa akatswiri, mmodzi mwa iwo Joseph Stiglitz, wolandira mphotho ya Nobel, ndipo mu October chaka chomwecho linakweza ndalamazo kufika pa R200 miliyoni, zogwiritsidwa ntchito m'zaka zisanu. Ndalama zooneka zambiri, koma poziyerekeza ndi R16.5 biliyoni ija, ndi mchere wothira m'nyanja.

Chondidabwitsa ine ndikamabwereza nkhaniyi ndi amene mawu ake sanamveke bwino. Antchito anali ndi yuniyoni, mafakitale anali ndi nduna, makampani anali ndi maloya. Mayi wa spaza ku Soweto, tinene kuti wa okala, wogulitsa shuga wopimira ndi buledi wodula pakati, wokongoza anansi mpaka pakutha pa mwezi, anatchulidwa mwa apo ndi apo chabe. Mwina nchifukwa choti iye Massmart ankaidziwa ngati kopikulako katundu, osati ngati mdani.

Ndipo mkango umene ankauopawo sunadye anthu monga ankayembekezera. Massmart inayamba kuluza ndalama. Mu 2020 inatseka masitolo ake a zipangizo zamagetsi a DionWired. Masitolo ake a zakudya a Cambridge ndi Rhino, omwe ankalimbana ndi msika wa anthu wamba, inawagulitsa kwa Shoprite. Mu 2022 Game inachoka ku Kenya, Uganda, Tanzania, Ghana ndi Nigeria, ndipo chaka chomwecho Walmart inagula masheya otsala nkuchotsa Massmart pamsika wa masheya wa Johannesburg.

Amene analowadi m'malokesheni anali a pakhomo pomwepo: Shoprite ndi timasitolo take ta Usave, Pick n Pay ndi Boxer, komanso Spar. Kafukufuku wa Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amene anatha mu 2019 anapeza kuti masitolo akuluakuluwa akamachita lendi m'mamolo ankasainitsa eni nyumba kuti asalole wina wogulitsa zakudya pamalopo, mapangano ena a zaka khumi kapena kuposa. Wa butchala, wa buledi, wa golosale yaing'ono, ngakhale atabwera ndi ndalama ya lendi m'manja, ankabwezedwa pakhomo. Massmart yomwe, ndi mphamvu zonse za Walmart kumbuyo kwake, inakadandaulapo za mapangano amenewa itafuna kuyamba kugulitsa zakudya mu Game. Shoprite inavomera kuyamba kuwasiya mu 2020, Pick n Pay inatsatira.