Kawerengedwe ka gofu ya pa Loweruka kuno ku Joni kanachokera kutali

Anthu osasewera gofu akationa ku bwalo la gofu la Huddle Park Loweruka amati timabera, poti munthu wamenya mpira wathawira m'mitengo anzake akuti "bwerezani achimwene, imeneyo sitiwerenga", kenako mpira watsala pang'ono kulowa wina akuti "tolani basi". Komatu izi sizinayambe ndi ife aMalawi akuno ayi.

Gofu inafika mu Joni golide atangopezeka kumene, kalabu yomwe lero ndi Royal Johannesburg inayamba mu 1890. Kalelo anthu ankakonda match play, munthu ndi mnzake kulimbirana bowo ndi bowo, ndipo m'menemo malamulo amalola ndithu mpaka lero kumupatsa mnzako putt yaifupi (kampira kotsala pang'ono kulowa m'bowo) asanamenye. Gimme, ija ya "tolani basi", inachokera kumeneko, ife tangoikokera ku masewera owerenga mashoti onse komwe malamulo saivomereza.

Koma amene anatimasula kwenikweni ndi Dr Frank Stableford, dokotala wa ku Britain amene anagwirapo ntchito kuno ku South Africa nthawi ya nkhondo ya maBoer. Bamboyu zinkamuwawa kuona anthu akung'amba khadi yolembapo mashoti chifukwa cha bowo limodzi lowavuta, ndiye anabweretsa zowerenga mapointi, anayesa koyamba ku Wales mu 1898 ndipo mpikisano weniweni unachitika ku Wallasey, ku England, mu 1932. Par (kulowetsa mpira ndi mashoti oikika a bowolo) mapointi awiri, bogey (kupitirira ndi shoti imodzi) pointi imodzi, zikakanika umangotola mpira n'kupita bowo lina mtima uli m'malo, ndipo mpaka pano makalabu ambiri kuno amasewera choncho, kuphatikiza betterball ija yosewera awiriawiri n'kuwerenga za amene wachita bwino pa bowolo, yoti mnzako akusenze tsiku lomwe manja akukana.

Agogo athu obwera pa Wenela zonsezi sankazilawa n'komwe, nthawi ya apartheid munthu wakuda pa makalabu a azungu ankalowa ngati kadi wonyamula chikwama kapena wotchetcha udzu. Ndiye ine ndikaona mnyamata wa ku Mangochi wagwira ntchito sabata yonse, walipira green fee ndi ndalama yake, sindingamuvutitse chifukwa cha mulligan imodzi, ija ya "bwerezani achimwene", pa tee yoyamba, asangalale.

Pomwe timakanganirana ndi pa handicap, nambala yosonyeza luso la munthu yomwe imapatsa wofooka mashoti owonjezera. Kuyambira 2020 maiko ambiri ali pa World Handicap System, zomwe walowetsa ku Soweto Country Club zimakutsata ngakhale ukasewere ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ma gimme asanu ukawalowetsa handicap imatsika mwabodza, ena amachita kuwonjezera mashoti dala kuti adzadye maR50 a anzawo pa kubetcha, ndipo awa ndi amene amayambitsa phokoso ku halfway house chakudya chisanafike n'komwe.