Mafuta onunkhira sachiza matenda a maganizo, musachedwe kubwera kuchipatala

Abale athu kuno ku Mulanje, m'misika ndi pa WhatsApp mwafala timabotolo ta mafuta onunkhira, ena a chomera chonunkhira chotchedwa lavender, ena a bulugamu. Ogulitsa akuti mukadontheza pang'ono pa pilo kapena kudzola pachipumi, nkhawa ndi kuganiza kwambiri zimatheratu. Ife ogwira ntchito zaumoyo nkhaniyi yatidetsa nkhawa.

Sitikukana kuti fungo la lavender limawathandiza ena kukhazika mtima pansi kwa kanthawi, mwinanso kupeza tulo. Koma kugona bwino usiku umodzi si kuchira ayi. Vuto lathu ndi la munthu amene akudwaladi, achibale n'kumamudikirira kunyumba miyezi kuti kabotolo kagwire ntchito.

Zoyambitsa matenda a maganizo ndi zambiri: maliro, ngongole ya katapila kapena ya banki m'khonde, ntchito ya ku esiteti kutha nyengo yothyola tiyi ikadutsa, nkhanza za m'banja, matenda okhalitsa, mowa ndi chamba. Amayi ena amayamba akangobereka, ena n'zakumtundu. Ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, alipo anzathu amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata usiku, mtima umathamanga, thukuta kamukamu, tulo osabweranso. Zonsezi fungo silingachotse.

Muziyang'anitsitsa. Mayi amene kale ankalawirira kumunda, lero dzuwa likufika pamutu ali chigonere, mwana akulira pambali osamunyamula, nsima yazizira m'mbale osaikhudza. Bambo amene wasiya kupita kukacheza ndi anzake pa bawo, akungokhala pakhonde atagwira tsaya. Zikapitirira masabata awiri, munthuyo si waulesi ndipo sanalodzedwe. Akudwala, ndipo matendawa ali ndi thandizo. Musamugulire kabotolo kachiwiri. Bwerani naye.

Chotiwawa kwambiri ndi cha amene anayamba kale kulandira mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, kenaka n'kusiya chifukwa wina wawauza kuti mafuta ndi achilengedwe, alibe vuto. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kupitirira, kuti munthu ayambe kumva kusintha. Mukawasiya mwadzidzidzi mutha kumva chizungulire, kusowa tulo, ndipo matenda aja amabwereranso. Ngati akukuvutani m'thupi, bwererani mudzatiuze, tidzaona chochita. Chimodzimodzi ma ARV ndi mankhwala a khunyu: musasiye chifukwa cha mafuta.

Chinanso, mafutawa si akumwa. Musawathire mu tiyi, mu phala kapena m'madzi. Mafuta a bulugamu a m'botolo ndi osiyana kutali ndi masamba owiritsa aja timapumira nthunzi yake tikadwala chimfine. Ndi aukali zedi, ndipo mwana atameza ngakhale osadzaza kasupuni ka tiyi atha kuyamba kugwedezeka ngati wa khunyu, kubanika kapena kukomoka. Zikachitika musamusanzitse, chifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Musadikire kuti kuche. Nyamulani mwana pamodzi ndi kabotoloko, thamangani kuchipatala. Pakhungu nawonso amawotcha ngati sanasakanizidwe ndi mafuta ena odzola, ndipo odwala mphumu fungo lokha litha kuwayambitsira chifuwa. Khanda musalidzoze konse.

Tibwereze nkhani ya kuchedwa ija, chifukwa ndi imene ikutitayitsa anthu. Wina akanena kuti "bola kungofa" kapena "ndatopa nawo moyo", musaseke, musamukalipire, ndipo musamupatse chonunkhiza kuti agone. Amuna makamaka salankhula kawiri. Khalani naye pafupi, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula.

Pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena kuchipatala cha boma ku Mulanje. Ambiri amaopa kuti akangofika atumizidwa kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Si choncho, ochuluka amathandizidwa konkuno n'kubwerera kwawo. Kuchipatala cha boma simulipira kanthu. Ngati mayendedwe avuta, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena amfumu akuthandizeni lero lomwe.